NKHUKU YOVALA JEKETE: ZOTCHIPA ZIMENE ZIKUTHA MPAMBA WA A GENI

Aliyense amene anagulitsapo nkhuku pa msika akudziwa kuti pali miyezi ina imene nkhuku za chikuda zimatsika mtengo modabwitsa. Dzuwa likangoyamba kuswa mtengo, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, anthu a kumudzi amene masiku onse amakakamira pa mtengo ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe, amayamba kukuthamangira okha nkhuku zili m'manja. Ukatchula mtengo wako salimbana nawe. Amangoti tengani bwana.

Wa geni watsopano amaona ngati Mulungu wamuyankha. Wa geni wakale amayamba wayang'ana nkhukuyo m'maso ndi kumbuyo komwe, chifukwa amadziwa kuti munthu sangotaya chuma chake chabe. Kumene yachokera nkhukuyo kwagwa chideru, chimene ena amati chitopa, ndipo mwini wake akuthamangitsana ndi imfa kuti apezeko kangachepe khola lisanathe.

Ine izi sindinazimve pa wailesi ai. Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira, ndinkathandiza mayi anga aang'ono amene amagulitsa nkhuku pa msika wina mu Blantyre muno. Mwezi wa Okotobala anatenga ngongole ku banki m'khonde napita ku msika wa kumudzi kukaoda nkhuku zoti azisunge mpaka Khirisimasi, mtengo ukadzakwera. Ndalama zimene masiku onse zinkagula nkhuku 25, tsiku limenelo zinagula 40. Anafika madzulo akuyimba nyimbo za kwaya, ine ndikutsitsa madengu pa minibasi.

Tinaziphatikiza ndi nkhuku 12 zimene zinali kale m'khola kuseri kwa nyumba. Tsiku lachitatu ziwiri zinayamba kuzyolika, mapiko ali pansi ngati mwana amene wavala jekete ya bambo ake. Pofika tsiku lachisanu chitosi chinali chobiriwira khola lonse, zina zikupuma mokoka, ina khosi litapindikira kumsana. Tinasinja tsabola, tinathira phulusa m'madzi, tinagula makapusozi pa okala, koma zonsezo zinangolowa m'madzi. Pomatha sabata ziwiri, pa nkhuku 52 zija panatsala 6 basi. Za aneba athu nazo zinayamba kugwa, ndipo kwa mwezi wathunthu moni anasowa pa mpopi. Ngongole ija mayiwo anaibweza pogulitsa wailesi ndi makina osokera.

Ndalemba nkhani ya kwathuyi chifukwa ambirife m'tauni muno timaganiza kuti matenda a ziweto ndi nkhani ya alimi ndi alangizi awo. Bungwe loona za umoyo wa ziweto pa dziko lonse, limene likulu lake lili ku Paris, limayerekeza kuti pa zonse zimene ziweto zikanatipatsa, kaya ndi nyama, mkaka kapena mazira, gawo limodzi mwa magawo 5 limatayika ndi matenda. Tsono ndalama yotayikayo salipira mlimi yekha. Amalipirako wa nkhuku, wa kanyenya, wa butchala, mayi wa lesitilanti, mnyamata wa kabaza amene amanyamula katunduyo, mpakana kasitomala amene amangodabwa kuti bwanji kilo ya nyama yakweranso. Funso la munthu wa bizinesi ndi limodzi: kuteteza ndi kutaya, chodula nchiti? Tiyeni tiwerengere limodzi.

CHIDERU SI UFITI

Matenda amenewa azungu amawatchula kuti Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene anawafufuza mu 1927, chaka chimodzi chitapita kuchokera pamene anaonekera pa chilumba cha Java. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi. Nchifukwa chake makapusozi athu aja sanaphule kanthu: mankhwala amenewo amapha tizilombo ta mtundu wina, vairasi samukhudza nkomwe. Chideru chilibe mankhwala ochiza. Chikalowa m'khola la nkhuku zosalandira katemera chimatha kupha theka, nthawi zina khola lonse psiti.

Chimene chimapusitsa wa geni nchakuti nkhuku imatha kukhala ndi kachilomboka masiku asanu kapena kuposerapo ikuoneka bwinobwino, ikudya, tambala akulira m'mawa. Mlimi akaona kuti kwa mnzake zayamba kufa, amagwira zake zimene zikuonekabe zamphamvu nkuthamangira nazo ku msika. Iye sakunama kwenikweni akamati nkhuku zanga zili bwino. Koma kachilombo kali kale m'mimba, m'chitosi, m'mamina ndi pa nthenga.

Apa ndiye pamene ife a m'tauni timalowerapo. Chideru chilibe miyendo yoyendera kuchoka ku mudzi wa ku Mwanza kapena ku Ntcheu kudzafika ku Ndirande. Chimakwera njinga, chimakwera matola, chimalipiriridwa tiketi ndi ife tomwe. Dengu limene lanyamula nkhuku zodwala lero, mawa lipita ku msika wina osatsukidwa. Nsapato imene yaponda chitosi pa msika ikalowa m'khola la kunyumba. Nkhuku yosagulidwa imagona ndi zinzake zatsopano. Kasitomala wagula imodzi yoti akaphe Lamulungu, akaisunga masiku atatu pakati pa nkhuku zake, basi mudzi wina wapsa. Pa msika ndi pamene nkhuku za midzi khumi zimapumirana mpweya, ndiye palibenso malo abwino oposa amenewa kwa kachilombo.

DONTHO LIMODZI M'DISO

Chomvetsa chisoni nchakuti pa matenda onse a ziweto, chideru ndiye chotchipa kuchiteteza. Katemera analipo kuyambira kale, koma wakaleyo anapangidwira mafamu akuluakulu. Amafuna firiji kuchokera ku fakitale mpaka pakhomo pa khola, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala ka nkhuku 500 kapena 1,000. Nanga gogo wa nkhuku 8 kumudzi kopanda magetsi akatani nako?

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia, motsogozedwa ndi Pulofesa Peter Spradbrow, anatulutsa katemera wotchedwa I-2 poganizira nkhuku za kumudzi. Ubwino wake ngwakuti amapirira kutentha. Akachoka mu firiji amatha kuyenda pa njinga atakulungidwa m'kansalu konyowa, nkugwirabe ntchito kwa masiku angapo. Sasowa jakisoni. Ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, kaya ndi mwanapiye, thadzi kapena tambala, ndipo munthu wamba wophunzitsidwa masiku ochepa akhoza kutemera mudzi wonse. Pakati pa 2002 ndi 2005 boma la Australia linathandiza ntchito yofalitsa katemerayu ku Mozambique, Tanzania ndi kuno ku Malawi, ndipo labotale yaikulu ya za ziweto ku Lilongwe inayamba kumupanga konkuno.

Lamulo lake ndi losavuta: dontho limodzi pakatha miyezi 4 iliyonse, kutanthauza katatu pa chaka. Alangizi amakonda miyezi ya Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa mu Julayi ndiye wofunika kwambiri chifukwa amafika chilimwe chisanayambe, pamene chideru chimalusa.

Tsopano masamu. Sinditchula makwacha chifukwa inu nomwe mukudziwa mmene ndalama yathuyi ikuchitira. Chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa m'mawa sufika madzulo. Tiyeni tiwerengere mazira. Dontho limodzi la katemerayu, kuphatikiza kangachepe ka wotemera, silifika pa mtengo wa dzira limodzi. Koma tingoyerekeza kuti ndi dzira lathunthu. Mlimi wa nkhuku 20 alipira mazira 20 ulendo umodzi, mazira 60 pa chaka. Tiyerekezenso kuti nkhuku yaikulu ya chikuda ikugulidwa mtengo wa thireyi imodzi, mazira 30. Ndiye kuti katemera wa khola lonse chaka chathunthu wadya nkhuku ziwiri zokha.

Nanga akapanda kutemera? Chideru chikapha 15 pa nkhuku 20 zija, wataya mazira 450. Kulipira 60 kuti usataye 450, ndi wa geni uti angakane bizinesi yotere? Ngakhale chideru chitamabwera kamodzi pa zaka ziwiri, ndiye kuti walipira 120 kupulumutsa 450. Komanso apa sitinawerengere anapiye amene mathadzi akufawo akanaswa. Thadzi la chikuda limaswa kawiri kapena katatu pa chaka, choncho likafa limapita ndi zidzukulu zake zomwe. Nchifukwa chake mudzi umene wakanthidwa mu Okotobala sukhala ndi chogulitsa pa Khirisimasi, ndipo wa geni amayenda mitunda yaitali, thiransipoti kuwirikiza, nkubwerako ndi dengu la theka pa nthawi imene makasitomala ali ndi bonasi m'thumba. Nkhuku zotchipa za mu Okotobala zija timazilipira mu Disembala.

NANGA BWANJI ANTHU SATEMERA?

Ngati masamu ali poyera chonchi, mwina mufunsa kuti chikuvuta nchiyani. Choyamba ndi nthawi. Munthu amakumbuka katemera nkhuku zikayamba kufa, pamene katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino, ndipo amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire m'thupi. Ukadonthezera nkhuku imene yatenga kale kachilombo imafabe, kenaka mbiri imabuka m'mudzi yoti katemera wa a uje ndi amene wapha nkhuku. Wotemerayo chaka chamawa palibe amene amutsegulire khola.

Chachiwiri, katemerayu ngakhale amapirira si mwala ai. Akakhala pa dzuwa, kapena kabotolo kakatsegulidwa nkusungidwa sabata yathunthu, amasanduka madzi wamba. Pali anyamata ena amene amayenda ndi botolo lomwelo mwezi wonse akutolera ndalama za anthu. Amenewo akuononga dzina la katemera.

Chachitatu ndi mtima wa munthu. Ndalama yotuluka m'thumba lero imapweteka kuposa nkhuku imene idzafe mawa, makamaka mu Malichi pamene m'nyumba mulibe ndi ufa womwe. Ndipo mlimi akatemera nkhuku nkupulumuka, saona chimene wagula. Amangoti chaka chino chideru sichinabwere. Chachinayi, alangizi a ziweto ndi ochepa, dera la mlangizi mmodzi ndi lalikulu, ndipo katemera safika paliponse pa nthawi yake. Andale akamabwera ndi misonkhano amagawa nsalu ndi zipewa, koma sindinamvepo gule wovinira botolo la katemera wa nkhuku.

CHIGODOLA CHILIBE DONTHO

Anzathu a chiwaya cha nkhumba nkhani yawo ndi yowawa kuposa apa. Chigodola cha nkhumba, chimene katswiri wina dzina lake Montgomery anachilongosola koyamba ku Kenya mu 1921, chimapha pafupifupi nkhumba iliyonse imene chaigwira, ndipo chimapha msanga. Nkhumba imatentha thupi, imasiya kudya, makutu ndi mimba zimafiira, pakangopita masiku ochepa yagona. Mankhwala kulibe. Dziko la Vietnam linavomereza katemera wake mu 2023, koma mlimi wa kuno alibe katemera woti angakagule.

Kachilombo kake ndi kolimba zedi. Kamakhala moyo mu nyama kwa miyezi, ya mu firiji ngakhale yowamba. Kamayenda pa mpeni, pa chikwanje, pa thumba lamagazi, pa matayala a njinga, ndiponso m'makombo a chakudya amene timatola ku malesitilanti kukapatsa nkhumba. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 ku Mchinji anapeza kuti nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola nazo zimasunga kachilomboka nkumapatsira nkhumba. Munthu sadwala nako, ndipo pamenepa ndi pamene pagona msampha: poti nyama yake sipweteka wodya, mlimi amapha nkhumba yodwala usiku, wa chiwaya amaigula theka la mtengo, m'mawa ili pa mafuta. Madzi otsukira nyamayo akatayidwa ku dzala, nkhumba zoyendayenda za m'deralo zatenga.

Amene akuganiza kuti izi ndi zazing'ono afunse ku China. Dziko limenelo linali ndi pafupifupi theka la nkhumba zonse za pa dziko lapansi pamene chigodola chinalowa mu Ogasiti 2018. Pofika kumapeto kwa 2019 nkhumba mamiliyoni zinali zitafa kapena kuphedwa, ndipo mtengo wa nyama ya nkhumba unali utawirikiza kawiri. Ngati dziko lolemera choncho linagwada, nanga ife?

Chitetezo cha chigodola sichigulidwa mu shopu. Ndi khola lolimba loti nkhumba isatuluke, mlendo asalowemo chisawawa, makombo aziyamba awiritsidwa, nkhumba yatsopano izikhala payokha sabata zingapo, yakufa izikwiriridwa dzenje lakuya. Mtengo wake ndi mitengo, misomali, gaga wa tsiku ndi tsiku ndi mwambo. Kwa mlimi wosauka gagayo ndi wodula ndithu, tisanamizane, nchifukwa chake ambiri amazitayirira. Komabe khola lonse silifika pa mtengo wa nkhumba yaikazi imodzi ya bere. Ndipo boma likaletsa kugulitsa nkhumba m'boma lonse chifukwa cha chigodola, chiwaya chimazizira miyezi, lendi ya nyumba osaima. Phindu la nkhumba imodzi yogula usiku silingabweze miyezi imeneyo.

CHIPATA CHA KU CHIGWA CHIKATSEKEDWA

A mabutchala a mu Blantyre amadziwa kuti nyama yambiri ya ng'ombe imakwera phiri kuchokera ku Chikwawa ndi Nsanje. Amadziwanso zimene zimachitika kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Matendawa amagwira ziweto za ziboda zogawikana: ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Njati za m'tchire zimasunga kachilombo kake osadwala, ndiye madera oyandikana ndi nkhalango ngati ya Lengwe amakhala pa chiopsezo nthawi zonse.

Chodabwitsa nchakuti matendawa sapha ng'ombe zazikulu kawirikawiri. Ng'ombe imatuluka dovu, imatsimphina, imaonda, mkaka umauma, ana ake ndi amene amafa, ya pa ngolo imaleka kukoka. Ndalama zambiri zimatayikira pa chiletso. Poti matendawa amafala ngati moto wolusa, boma limatseka misika ya ziweto, limaletsa kupha ndi kutulutsa nyama, nkuika zipata pa msewu. Mlimi ali ndi ng'ombe koma fizi ya mwana yasowa. Wa butchala ali ndi ndalama koma mbedza zili pululu. Mayi wa mang'ina ndi wa zam'kati amabwerera kunyumba ndi beseni lopanda kanthu.

Akatswiri awiri, Knight-Jones ndi Rushton, anawerengera mu 2013 kuti maiko amene matendawa anakhazikika amataya pakati pa madola 6.5 biliyoni ndi 21 biliyoni chaka chilichonse. Ku Britain mu 2001 anapha ziweto zoposa 6 miliyoni pofuna kuwathetsa, ndipo dzikolo linataya mapaundi pafupifupi 8 biliyoni.

Apa masamu ake ndi osiyana ndi a chideru, ndipo ndi bwino kunena chilungamo. Katemera wa matendawa ndi wodula, amachokera kunja, amafuna firiji njira yonse, amafuna kubwereza pakatha miyezi 4 mpaka 6, komanso ayenera kugwirizana ndi mtundu wa kachilombo kamene kabuka. Kutemera ng'ombe zonse za m'Malawi muno kungakhale kumwaza ndalama. Chanzeru ndi kutemera mosadumphitsa ng'ombe za m'madera a chiopsezo, ndi kugwira msanga pamene pabuka. Dziko la Botswana linaona kuti nyama ndi chuma chake, linatsegula fakitale yakeyake ya katemerayu ku Gaborone kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, linamanga mipanda yolekanitsa ng'ombe ndi njati, ndipo kwa zaka zambiri lagulitsa nyama ku Ulaya. Kwa iwo ndalama imeneyo inabwerera.

Kuno kwathu chimene chimatalikitsa chiletso nthawi zambiri ndi lole yoyenda usiku njira zachidule, ndi ka m'manja kopatsirana pa chipata. Wozembetsayo amapindula ulendo umodzi. Matenda akafika boma lina, chiletso cha mwezi umodzi chimasanduka cha miyezi ingapo, ndipo onse a nyama amalipira tchimo la munthu mmodzi.

DIBI YA AGOGO ATHU

Amene anakulira kumudzi akukumbuka tsiku la dibi, ng'ombe zikudumphira m'madzi a mankhwala, abusa akuimba malikhweru. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, boma litachepetsa ndalama za ntchitoyi nkuisiya m'manja mwa alimi, madibi ambiri anauma nkumera udzu. Nkhupakupa ndiye zinasangalala. Ya pa khutu ija imafalitsa matenda amene azungu amati East Coast fever, ovuta kwambiri m'chigawo chapakati ndi kumpoto, makamaka kwa ana a ng'ombe ndi ng'ombe za mkaka za chizungu. Akatswiri amayerekeza kuti matendawa amapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni pa chaka kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa.

Ku Zimbabwe anaona chimene chimachitika dibi ikaima. M'zaka zomaliza za nkhondo ya ufulu, cha kumapeto kwa m'ma 1970, ntchito ya dibi inasokonekera m'midzi, ndipo akuyerekeza kuti ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni zinafa, zambiri ndi matenda a nkhupakupa. Ambiri sadziwa kuti katemera wa East Coast fever ali ndi kwawo konkuno: mu 2014 malo a African Union ofufuza za nkhupakupa ku Lilongwe anakhazikitsa ntchito yomupanga. Ndi wodulirapo, amasungidwa mozizira koopsa, ndipo amafuna dokotala wa ziweto wodziwa, koma ng'ombe imabayidwa kamodzi kokha moyo wake wonse. Kwa mwini ng'ombe ya mkaka imene mtengo wake ungamange kanyumba, masamu ake safuna kakyuleta.

Ndipo tisaganize kuti matenda a ziweto sagonja. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unalowa mu Africa cha mu 1887, unafika ku Karonga mu 1892, ndipo m'madera ambiri unapha ng'ombe 8 kapena 9 pa 10 zilizonse. Katemera wotchipa wa jakisoni mmodzi, amene Walter Plowright anapanga ku Kenya, ndi khama la maiko ambiri, zinauthetsa. Mu 2011 dziko lapansi linalengeza kuti mliriwo kulibenso. Ndalama ya katemera ameneyo inalipiridwa kamodzi, phindu lake tikudyabe.

WA GENI ACHITEPO CHIYANI?

Inu a pa msika simungamange dibi kapena kuitanitsa katemera ku Botswana. Zimenezo tiziwafunsa aphungu athu ndi a unduna wa zamalimidwe, ndipo tisatope. Makhonsolo nawo amene amadula tiketi pa msika m'mawa uliwonse ayenera kutiuza kuti bwanji malo ogulitsira nkhuku alibe madzi otsukira ndi dzenje lotayamo zakufa. Koma pali zina zimene zili m'manja mwanu.

Mtengo ukatsika popanda chifukwa, funsani kuti kumudziko kwagwanji. Safunsa anadya phula. Nkhuku zoodedwa lero zisagone ndi za kunyumba. Ngati mukufuna kusunga, zikhale pazokha sabata ziwiri. Madengu atsukidwe ndi sopo nkuyanikidwa pa dzuwa asanapite ulendo wina. Yakufa yokha ikwiriridwe, osaipatsa galu, osaigulitsa kwa a kanyenya. Nyama ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba yopanda chidindo cha oyeza nyama isakwere pa tebulo panu, chifukwa kupatula matenda tatchulawa palinso ena ngati anthrax amene amapha ndi munthu yemwe. Chiweto chochoka boma lina chiyende ndi chiphaso cha a zaziweto monga lamulo linenera.

Chachikulu nchakuti mlimi amamvera wogula kuposa mlangizi. Mlangizi amabwera ndi mawu, inu mumabwera ndi ndalama. Aliyense wa inu ali ndi midzi yake imene amaodako chaka ndi chaka. Mukamafunsa ulendo uliwonse kuti kodi nkhukuzi zinalandira dontho, ndipo mukamaonjezerako pang'ono pa zotemera, mbiri idzayenda yokha. Komiti ya a nkhuku pa msika ikhoza kugwirizana kuti nkhuku ya jekete isalowe pa geti, ndipo ikhoza kusonkherana kuti wotemera wodalirika afike m'midzi imeneyo mu Julayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wa geni mmodzi akakana nkhuku yodwala mnzake wa pa benchi yomweyo nkuigula, onse awiri apsa.

Mayi anga aang'ono aja anabwerera pa msika patatha chaka, atayambiranso ndi tomato. Masiku ano amaoda m'midzi iwiri yokha. Mwezi wa Julayi ukafika amatumiza ndalama pa foni kwa mayi wina wotemera kumeneko, ya nkhuku za mabanja amene amawagulitsa, ndipo amadzaidula pang'onopang'ono pa mtengo akamaoda. Anzawo ena amawaseka kuti akulipirira nkhuku za eni. Iwo sayankha zambiri. Chaka chatha pa Khirisimasi, pamene ena ankazungulira misika ndi madengu opanda kanthu, iwo anandiitana kuti ndikawathandize kubweza chenje, ndipo pofika 3 koloko madzulo tinali titatseka, nkhuku zitatha. Makina osokera aja sanawaombolebe, koma akuti chaka chino.